A Sajeni Amaima Kumbuyo

Kwathu ku Manja tonse timangowatchula kuti a Sajeni, ngakhale yunifolomu anavula kalekale. Nsapato zawo zimawala ngakhale m'dzinja, matope ali ponseponse. Si munthu wolankhulalankhula. Akamva wina akukankhira mlandu kwa ana kapena antchito ake, amangoti, "Iwowo anawatuma ndani?"

Chaka chatha galimoto ya asilikali inaima pakhomo pawo, ndipo munatsika kaputeni wachinyamata. Anabwera ndi uthenga woti Eliot, mwana wa mayi Ida oyandikana nawo nyumba, wafera kunja komwe anapita kukasungitsa mtendere.

"Bambo," anatero kaputeniyo, "kwathu kuno uthenga wa maliro amanena ndi akuluakulu. Kandinenereniko, inu amakudziwani."

A Sajeni anaimirira n'kupereka saluti kwa munthu wamsinkhu wa mwana wawo.

"Ayi, bwana. Amene ankalamula Eliot ndinu. Mayi ake amve kuchokera pakamwa panu mmene mwana wawo wafera. Ine ndiima kumbuyo kwanu, malo anga ndi amenewo."

Anamukonza kolala kaputeniyo n'kumutsata pambuyo kupita kwa mayi Ida. Ine ndinali pampopi, ndinaona zonse. Mayi Ida atakuwa n'kudzigwetsa pakhonde, ndinkati kaputeni nayenso agwa. Dzanja la a Sajeni linagwira lamba wake chakumsana, pamene anamfedwa sakanaona. Silinasiye mpaka mnyamatayo atamaliza mawu ake onse, ali chilili.