Mayina Atatu a Dokotala wa Udzudzu

Ku laibulale ya payunivesite aliyense ankawatchula kuti a Kaundula, moti ophunzira ambiri ankayesa kuti ndi dzina lawo lenileni. Analowa ntchito ali ndi zaka makumi awiri, kumata mabuku ong'ambika m'kachipinda kopanda zenera, konunkha guluu. Kenako anawapatsa madilowa a makadi, ndipo kwa zaka zambiri munthu akangotchula theka la mutu wa buku, iwo ankaloza shelefu yake osadzuka pampando.

Makompyuta atabwera, madilowa aja anakawaunjika kunsi kwa masitepe. A Kaundula anali atayamba imvi, zala zikuchita manyazi ndi mabatani. Amene anawapirira anali mayi wina wofufuza za tizilombo, wodziwika kuti Dokotala wa Udzudzu. Lachitatu lililonse masana ankakoka mpando n'kukhala pambali pawo, kuwalozera podina, mpaka miyezi inayi. Kunyumba akazi awo ankawaseka kuti nkhalamba yabwerera m'kalasi yoyamba, tsiku lina ipempha yunifolomu.

Ntchito yawo yatsopano inali yowerengetsa. Mphunzitsi akafuna kukwezedwa kukhala pulofesa, komiti inkafuna kudziwa kuti ofufuza ena atchula zolemba zake kangati, ndiponso walemba ndi ndani. A Kaundula ankatulutsa nambalayo pakompyuta, pamodzi ndi chithunzi cha madontho ndi mizere. Dontho linali munthu, mzere unali nkhani imene awiri analembera limodzi. Ntchitoyi sankaikonda kwenikweni. Anthu ankalowa akuseka n'kutuluka nkhope zitagwa chifukwa cha nambala imodzi.

Chaka chimene Dokotala wa Udzudzu anapempha kukwezedwa, kompyuta inati atchulidwa maulendo makumi anayi ndi kamodzi. Dontho lawo linali pakona, ndi timizere titatu. Adokotala anayang'ana pepalalo, n'kulipinda pakati.

"Ndi mmene ziliri, achimwene," anatero. "Anzanga akulemba, ine ndinali m'madambo ndi timabotolo."

Ananena kuti pempholo alichotsa komiti isanakumane. A Kaundula anawapempha kuti adikire kaye mpaka mwezi uthe, koma sananene chifukwa, poti nawonso analibe chogwirika. Ankangokumbukira magazini ina ya kafukufuku yachikuto chobiriwira, imene anaimata katatu chifukwa ophunzira anaithyola msana poikopera. Munali nkhani ya adokotalawa yonena za malo amene udzudzu umaikira mazira m'ngalande za m'tauni. Pamndandanda wa kompyuta nkhaniyo panalibe.

Anakwera makwerero n'kuitsitsa magaziniyo. Pamwamba pa nkhaniyo panali dzina la bambo a adokotala. Apo ndiye mutu unatseguka. Adokotala ali mtsikana ankalemba ndi dzina la kwawo, atakwatiwa anatenga la amuna awo, ndipo amunawo atamwalira anaphatikiza awiriwo ndi kamzere pakati. Kompyuta inkaona anthu atatu osadziwana, n'kuwerengera womaliza yekhayo.

Kwa milungu itatu a Kaundula ankafika chitseko chisanatsegulidwe, kufananitsa nkhani imodzi imodzi, zaka zake, dipatimenti yake ndi anthu olemba nawo. Analembera kampani yosunga mindandandayo. Yankho linabwera laulemu koma louma: pakufunika umboni woti atatuwa ndi munthu mmodzi. Masiku awiri anayenda ndi kalatayo m'thumba la malaya, kusowa poyambira. Akazi awo ndi amene anawauza kuti asiye kuzungulira, mayiyo si mwana, akangomuuza.

Anakawauzadi, ndipo m'mawa mwake adokotala anabwera ndi envelopu yakhaki. Munali chikalata cha ukwati ndi cha imfa. Anaziika patebulo n'kuyang'ana kuzenera mpaka makina okopera atasiya kulira. A Kaundula anazibwezera m'envelopu ndi manja awiri.

Mindandanda itaphatikizidwa, nambala inapitirira mazana asanu ndi limodzi. Chithunzi cha madontho sichinakwane papepala wamba, anachita kulumikiza mapepala anayi ndi tepi. Kumanzere kunali gulu la madokotala a m'zipatala, kumanja akatswiri a madzi ndi ngalande, ndipo pafupifupi mizere yonse yochoka uku kupita uko inkadzera pa dontho limodzi.

Adokotala nambala ija anangoiyang'ana kamodzi. Anavala magalasi n'kuyamba kuyendetsa chala pamadontho. Uyu ankaopa achule tsiku loyamba, pano akuyendetsa labotale yake. Uyu anabwera m'kalasi ndi khanda kumbuyo chaka chonse. Uyu anatisiya. Anatchula anthu oposa makumi atatu, aliyense ndi kankhani kake, a Kaundula akungomvetsera tiyi akuzizira.

"Ndinkayesa ndatsala ndekha," anatero pomaliza. "Zikomo, achimwene."

"Munandiphunzitsa ndinu podina," anayankha a Kaundula. "Ine ndangodina."

Komiti inawakweza adokotala aja. A Kaundula sanalekere pomwepo. Anatenga mndandanda wa aphunzitsi onse n'kuwafunsa mmodzi mmodzi ngati analembapo ndi dzina lina. Anapeza amayi ena asanu ndi awiri ogawika chimodzimodzi, ndi bambo mmodzi yemwe magazini ina inamudyera chilembo. Atapita ndi mapepalawo kwa mkulu wa laibulale, fomu yopemphera kukwezedwa inawonjezeredwa mzere wofunsa mayina onse amene munthu analembapo nawo.

Anapuma ntchito patatha zaka ziwiri. Masiku ano amakhala pakhonde, kuwerenga nyuzipepala kuyambira kumapeto. Apulofesa amabwera kamodzikamodzi Loweruka, ndipo asanakhale n'komwe amazungulira nyumba kukhuthula madzi m'zitini za maluwa. Mayi a m'nyumba amawatsatira pambuyo akudandaula kuti maluwa awo afa ndi ludzu, a Kaundula akuseka, osalowerera mbali iliyonse.