Dizilo wa Chipepeso

Ntchito yanga yoyamba yomanga injini pandekha anandipatsa ndi alamu anga aBanda, amuna awo a asisi anga aakulu. Ndinali nditakhala zaka zisanu pa galaji ina ku Chipata, thukuta langa koma dzina la abwana. Tsiku lina alamu anandiimbira foni. "Bwerani kuno ku Chadiza," iwo anatero. "Ndagula lole, koma ili ndi chifuwa ngati ine."

Ndinaseka, koma nditafika kuseka kunatha. Munthu anali atatha, kolala ya shati ikuchita kulendewera. Zonse zimene analandira popuma uphunzitsi anaziika pa lole yakale ya matani atatu, imene inaima pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yawo pa boma. Ankafuna izinyamula chimanga ndi nshawa kuchokera ku Pembamoyo kupita ku Chipata, izikwera zitunda itadzaza osabwerera m'mbuyo. "Muipatse mphamvu, alamu. Ine ndikapita, mlongo wanuyu ndi ana adzadyera pomwepa."

Injini ndinaitsitsa ndi tcheni yomangirira ku nthambi ya mango. Buloko, thupi lenileni la injini, ndi kirankishafti ndinapita nazo ku Chipata kukapalitsa. Kusitolo anandionetsa mapisitoni a mitundu iwiri, ndipo ndinakana otchipawo ngakhale wogulitsa analumbira pali mayi ake kuti ndi amodzimodzi. Ring'i iliyonse ndinailowetsa kaye m'silinda ndi kuyeza mpata wake ndi fila geji, chifukwa mpata ukachepa, chitsulo chikatentha chimagwira. Mabawuti a hedi ndinamanga ndi toki renchi, kuyambira pakati kupita m'mbali, maulendo atatu. Ndinaikamo tebo yowonjezera mphamvu ya injini, yochotsa ku lole ina yangozi, ladiyeta yaikulu, ndipo pampu ya dizilo ndinakaichunitsa kuti izithira mafuta ochulukirapo. Miyezi iwiri, abale, manja osayera.

Tsiku loiliza, alamu anatuluka ndi ndodo kudzamvera. Inalira bwino injini ija, sindinama. Ndinawauza lamulo lake: injini yatsopano ndi khanda. Iyambe yayenda mtunda wautali yopanda katundu, pang'onopang'ono, ndi dizilo woyera wa pa filing'i siteshoni, kenako tisinthe oilo. Anavomera. Tinangozungulira nayo pa boma maulendo anayi basi. Sabata yachiwiri isanathe, alamu anatisiya.

Maliro anayenera kukaikidwa kwawo ku Zingalume. M'mawa mwake akulu awo a malemu, aYohane, anandiitanira pambali.

"APhiri, konzani galimoto ija."

"Pepani bambo, injini ikadali yanthete," ndinayankha, maso ali pansi.

"Mwati? Munthu wagula galimoto ndi thukuta lake, ndiye apite kumanda pa ngolo ya ng'ombe? Anthu atiyesa chiyani?"

Ndinacheukira kukhonde. Asisi anali atafunda chitenje kumutu, amayi a chigwirizano atawazungulira. Ndinangoti, "Chabwino."

Thanki inali pafupi kuuma, ndipo sabata imeneyo pa filing'i panalibe dizilo. Atalengeza za kusowa kwa dizilo, anthu anachita zimene timachita pamaliro. Mwini chigayo anabwera ndi kachigubu. Wina anabweretsa wa m'mabotolo wogulitsa m'mbali mwa msewu. Wina anakhuthula wotsala m'diramu lake la dzimbiri. Chilichonse ankachilandira ndi manja awiri, kuti chipepeso. Ndinaviika chala m'chigubu chimodzi. Dizilo weniweni amaterera, koma uyu anali wouma, ndipo fungo la palafini linandimenya m'mphuno. Palafini timatsukira zitsulo, sitimwetsa injini. Ndinadziwa. Koma ndani anabwezapo chipepeso pamaso pa anamfedwa? Ndinasefa ndi kansalu, ngati kuti nsalu ingachotse palafini, n'kuthira ndi manja angawa.

Kenako katundu. Bokosi, matumba a ufa, nkhuni, miphika, amayi a chigwirizano, ndi wina aliyense amene anapeza poponda. Masipuling'i anachita kuwongoka. Palibe amene ndinamutsitsa. Asisi anakhala kutsogolo pambali panga, ndipo tinanyamuka dzuwa la Okutobala lili pamutu.

Titadutsa dambo, singano ya kutentha inali itapitirira pakati. Kutsogolo kunali chitunda chachitali cha mchenga. Ndinaika giya wani. Pakati pa chitunda ndinamva kugogoda pansi pa mpando, go go go, utsi woyera ukutuluka kumbuyo. Apa ndiye pamene ndimadzida mpaka lero. Ndikanaima. Ndikanati anthu atsike, injini ipume. Koma kumbuyo nyimbo inali itagwira, asisi akuyimba nawo motsitsa koyamba chimwalirire amuna awo. Ndinati mwina tifika, patsala pang'ono. Ndinaponda.

Phu! Lole inagwedezeka n'kuima. Nyimbo inaduka. Nditatsika ndinapeza oilo akuchucha pamchenga. Pisitoni inali itagwira, ndipo chitsulo cholumikiza pisitoni ndi kirankishafti chinathyoka n'kuboola buloko, bowo lolowa nkhonya. Kalanga ine! Ndinakhala pansi pomwepo, m'fumbi.

Adzukulu anatsitsa bokosi n'kulisenza pamapewa. Anthu onse anatsatira wapansi. Ndinamva wina akunong'ona kuti malemu akana kusiya galimoto yawo, apita nayo. AYohane anagwedeza mutu kuvomereza. Ine sindinawatsutse, chifukwa bodza limenelo linkandifunditsa.

Lole tinaikoka ndi ng'ombe patapita masiku atatu. Buloko yobooka chotero siwotchereka, ndipo ndalama yogulira ina panalibe. Asisi anagulitsa matayala, kenako batire, kenako giyabokosi. Mwana wawo woyamba anasiyira sukulu panjira. Asisi tsopano amagulitsa tomato pamsika, dzuwa lonse, mulu umodzi umodzi. Ndikamadutsa pamenepo ndimayang'ana kumbali.

Chaka chitatha ndinalephera kupirira. Ndinawapeza akusankha tomato wophwanyika, ndipo ndinawauza zonse: za palafini, za katundu, za singano ija.

Anasiya kusankha. "Unadziwa?"

"Ndinadziwa, asisi."

"Nanga osandinong'oneza bwanji ine? Ndinali pambali pako pomwepo." Sanakweze mawu. "AYohane unawaopa, chabwino. Koma ine? Ndikanatsika, ndikanayenda wapansi. Kumandako tinafikabe wapansi."



Akuti manyazi anapha lambe. Anga sanaphe ine, anagwera ana a mlongo wanga. Chimene ndinatolapo n'chakuti mmisiri amene sangathe kunena kuti ayi mokweza, pamaso pa akulu, ngakhale pamaliro, asagwire sipanala. Ayi ameneyo ndinamuphunzira, ndili naye pakamwa tsiku lililonse. Kungoti kuyambira tsiku lija palibe amene anandibweretseranso injini ya lole. Ndimakonza njinga zamoto pafupi ndi siteshoni ya maminibasi, ndipo eni ake amathira mafuta alionse amene afuna, osandifunsa.