Ufa wa Pansi pa Mpoza

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndili sitandade faifi, pamene ndinatsala pang'ono kupasula banja la makolo anga.

Tinkakhala m'mudzi wina kufupi ndi Namitambo. Ababa, Che Saidi, anali telala, Msilamu wosaphonya mzikiti Lachisanu. Anali mkamwini pamudzi pa amayi, omwe anakulira m'tchalitchi ndipo sanasiye ngakhale atakwatiwa. Panalinso amalume, a Mukhwapa, eni mbumba, omwe sankaponda kutchalitchi kapena kumzikiti. Zawo zinali za makolo. Zonsezi sizinkandivutitsa mpaka tsiku lina kusukulu.

Aphunzitsi anatiuza za Aigupto ndi Agiriki akale. Anati anthu amenewo anali ndi milungu yambirimbiri, wa dzuwa, wa mtsinje, wa nkhondo, ngakhale wa mowa. Tinaseka. Koma anawonjeza kuti milunguyo inkachitirana nsanje, ndipo ikayambana ovutika anali anthu. Mzinda wonse unkatha kupsa chifukwa wina wapatsidwa nsembe, mnzake nkumanidwa.

"Koma ife tili ndi Mulungu mmodzi," anatero potseka buku.

Pobwerera kunyumba mutu unandizungulira. Ababa amati Allah. Amayi amati Yehova, nthawi zina Yesu. Amalume amati Chauta, penanso Namalenga, nkumatchulanso agogo omwe anamwalira kalekale. Mmodziyo ndi uti? Ndinafunsa ababa ali pa makina awo, koma anali ndi mapini pakamwa, anangondikupiza dzanja kuti ndichoke pa kuwala.

Sabata yomweyo mng'ono wanga Amina, wa zaka zitatu, anadwala malungo. Amayi anam'bereka kupita naye kuchipatala, anabwerako ndi mapiritsi owawa. Panapita masiku awiri thupi lili moto, maso akungotembenuzika. Apa aliyense anathamangira kumene ankadziwa. Ababa anabwera ndi a shehe, omwe analemba mawu a Chiarabu pa kathabwa, natsuka inkiyo m'kapu, nam'mwetsa mwanayo. Masana kunafika amayi a kutchalitchi, atavala mabulauzi oyera, nayimba nyimbo pakhonde mpaka mawu kusasa. Atangochoka, amalume anandiitana.

"Mariamu, tenga ufa m'mbalemo, unditsate."

Tinapita kuseri kwa dimba, pa mtengo wa mpoza. Amalume anavula nsapato, anagwada, nawomba m'manja pang'onopang'ono. Ankatapa ufa nkumauthira pansi, kwinaku akutchula mayina a akufa, mpaka unaunjikana ngati kachulu koyera.

"Mawa tikaupeza uli chonchi, ndiye kuti alandira," anandiuza. "Ukamwazika, akana."

Ndinabwerako ndikuwerenga pa zala. Allah, Yesu ndi agogo, onse atatu aitanidwa pa kamwana kamodzi. Nanga akakumana m'nyumba mwathu, aliyense nkumati mwanayu ndi wanga, sam'khadzulirana? Ndinaganiza kuti pafunika kuchotsapo mmodzi. Madzi a shehe anali atamwedwa kale. Nyimbo sungaibweze m'kamwa mwa woyimba. Chomwe chinatsala chinali ufa. Popita kuchitsime dzuwa litapendeka, ndinakhotera ku mpoza kuja, ndinatseka maso, nkuupalasa ndi phazi. Unali wozizira pakati pa zala. Ndinathawa osacheuka.

M'mawa amalume anabwera kuchokera kumtengo nkhope ili gwaa. Anaima pabwalo naitana ababa.

"Alamu, makolo akana. Akana chifukwa pakhomo pano mwadzaza zachilendo. Mwana wathu mukum'mwetsa inki?"

"Mwanayu ndi wanganso, alamu," anayankha ababa motsitsa mawu.

"Wanu? Mkamwini asamakule mwendo. Akatisiya mwanayu, mlandu uli pa inu."

Amayi aakulu, omwe anaitana anthu a kutchalitchi aja, analowererapo. Anati zonsezi nzamdima, ufa ndi inki yomwe, ndipo nzimene zikutsekereza mapemphero. Mawu anakwera, anthu oyandikana nafe anayamba kusuzumira. Ababa analowa m'nyumba, anamasula mutu wa makina awo osokera, nayamba kuumangirira pa njinga ndi chingwe cha mphira. Ndinadziwa tanthauzo lake. Telala akanyamula makina sabwera madzulo. Amapita kwawo ku Mauwa. Amayi anali pamphasa, Amina ali pamiyendo, misozi ikungotsika.

"Ndine!" ndinakuwa. "Ndaumwaza ndine!"

Onse anatembenuka.

"Wati chiyani?" anafunsa amalume.

"Ndinaopa kuti amenyana."

"Amenyana ndani?"

"Allah ndi Yesu ndi agogo. Aphunzitsi anati milungu ikachuluka imamenyana, ndiye ovutika ndi anthu."

Amayi aakulu anagwira pakamwa. Ababa anaima chingwe chili m'manja, akuyang'ana amalume, amalume akuyang'ana pansi. Ine ndinkadikira kuti wina andiuze ngati ndinalakwa kuwerenga kapena ayi. Amayi anapatsira Amina kwa akulu awo, anathyola kanthambi ka pichesi, nandikwapula m'miyendo mokwanira ndithu. Pamene ndinkalira, ndinaona ababa akumasula chingwe chija.

Masana amayi anandipeza kuseri kwa nkhokwe ndikusisita mikwingwirima.

"Amayi, nanga wochiritsa weniweni ndi uti?"

"Sindidziwa, mwanawe," anatero akupukuta nkhope ndi chitenje. "Nyumba ikamapsa sufunsa kuti madziwa achokera pa chitsime cha yani. Umangothira."

Yankholo silinandikhutitse. Ndinkafuna dzina limodzi.

Amalume anandisenzetsanso ufa wina. Pamtengo paja anauza akufa kuti andikhululukire poti ndine wawo ndipo mutu sunakhwime. M'mawa mwake kachulu kanapezeka kali bwinobwino. Tsiku lomwelo a shehe anabweranso, amayi a kutchalitchi anayimbanso, ndipo mapiritsi anali akumwedwabe. Tsiku lachisanu Amina anadzuka napempha mbatata. Aliyense anati mwaona nanga, ndipo aliyense ankatanthauza zake.

Patapita sabata amalume anagwira mbuzi yawo yothokozera. Ataigoneka pansi, anatembenuza mpeni, napereka chigwiriro kwa ababa.

"Zingani ndinu, alamu, kuti tonse tidye."

Ababa anayang'anitsa mbuziyo kumene amayang'ana poswali, natchula dzina la Allah. Nyama itapsa, amayi aakulu anapemphera m'dzina la Yesu, ababa ali chete, manja ali pamaondo. Tisanayambe kudya, amalume anatapa kachiwindi napita nako kuseri kwa dimba. Palibe anawafunsa. Ine ndinadya ndili wosokonezeka kuposa kale.

Lero tsitsi langa layera, ndipo funso lija sindinalimalizebe. Ndamva abusa akulifotokoza, ndamva mashehe, ena amati mayinawo ndi a Mmodzi yemweyo, ena amakana kwamtuwagalu. Chimene ndinamvetsa nchakuti pamudzi pathu chikhulupiriro sichinali nkhani ya kumwamba kokha. Ndicho chinkanena kuti mwana ndi wa yani, mkamwini akhale kapena apite, mpeni agwire ndani kuti anthu adyere pamodzi. Tsiku lija sindinaone mulungu aliyense akumenya mnzake. Ndinaona anthu atatu amantha, okonda mwana mmodzi, aliyense akuopa kuti njira ya mnzake imupha.

Amina tsopano ali ndi zidzukulu, ndipo anatsata ababa. Ine ndinatsata amayi. Tikakumana ndimam'funsabe mwanthabwala kuti anam'chiritsa ndani. Amakonza mpango wake nkuseka.

"Achemwali, mukundifunsa ine? Ine ndinali chigonere."