Sitima Itaima, a Janak Anaimanso

A Delmer Janak anabadwira pafupi ndi njanji, anakwatira pafupi ndi njanji, ndipo zaka zonse zimene anagwira ntchito kumakina ochotsa njere za thonje sanayambanepo ndi sitima. Anali munthu wa mawu ochepa koma wa liuma loti ngakhale ansembe anawalephera. Kuno ku Ozella, tauni yathu ya ku Texas, timawadziwa bwino. Akanena kuti mvula igwa Lachinayi, tsikulo n'kupita louma, amati wolemba kalendala ndiye walakwitsa.

Mkangano unayamba akazi awo, a Loyce, atalowa kunyumba yosamalira okalamba. Mutu unali utayamba kuwasokonekera. M'mawa amakhala bwinobwino, amawadziwa amuna awo, amawakalipira za malaya osasita, amafunsa za agalu. Koma dzuwa likafika paliwombo zonse zimabalalika, moti madzulo a Delmer amangokhala mlendo wina wovala chipewa. Nyumbayo ili kutsidya kwa njanji, ndipo msewu wowolokera m'tauni mwathu ndi umodzi basi. Chaka chomwecho eni sitima anayamba kuimika sitima ya katundu pamsewu pomwepo, podikira inzake yochokera kumadzulo kuti idutse. Mabogi ake osaoneka kothera. A Delmer amakhala mu pikapu, mabanzi a kolache a mapichesi akuzizira pampando, m'mawa wa akazi awo ukutha iwo akuyang'anizana ndi zitsulo.

Alamu awo a Truett, achimwene a a Loyce, anawauza kuti azingolawira, awoloke sitima isanafike n'kukadikira kutsidyako. Malangizo abwino ndithu, koma kwa a Delmer anali otchipa kwambiri. Anayankha kuti iwo amakhoma msonkho ndipo sadzadzutsidwa pabedi ndi chitsulo. Anaimba foni ku kampani, kumeneko anawaikira nyimbo yoti azimvera. Anapita kwa a meya, a meya anatambasula manja n'kuti njanji si yawo.

Kenako chinafika chaka cha chisankho. Ku Texas kuno timasankha aliyense, bwanamkubwa, wachiwiri wake, loya wamkulu wa boma, wowerengera ndalama, wa zaulimi, wa zamalo, ndipo ukafika kumunsi kwa pepala umangochonga dzina lomveka ngati la munthu wopemphera. Zikwangwani zimamera pakapinga paliponse. Tsiku lina ali pamzere wodikira sitima, a Delmer anawerenga chimodzi chimene chinazikidwa m'mbali mwa msewu: Voterani Renata Stroud, Komishonala wa Njanji. Anachiwerenga kawiri, n'kutembenuza galimoto kulunjika kwa alamu awo.

"Alamu, ndapeza pogwira. Kuli mpando wa njanji."

A Truett anati mpandowo akhala akuuvotera moyo wawo wonse, ndiye angowalembera mayi Stroud-wo n'kuwadandaulira. A Delmer anakana. Anati okhala pampandowo akanakhala anthu ogwira ntchito, bwenzi sitimayo itachoka kale. Aima okha pachisankhocho.

Anagulitsa boti lawo lowedzera nsomba kuti alipire zolembetsera, navala suti ya maliro, napita ku Austin, likulu la Texas. Mayi wolandira mayina ku ofesi ya chipani anawafunsa mwaulemu ngati ntchitoyo akuidziwa. Iwo anati agona pafupi ndi njanji chibadwire. Mayiyo anaseka kwambiri, nati chipani chikusowa anthu anthabwala ngati iwo, nadinda mapepala. A Delmer anabwerako ndi zikwangwani zodzaza pikapu. Panali nkhope yawo pansi pa chipewa ndi liwu limodzi lokha lalikulu: NDIDZAISUNTHA. Tauni yonse inanyadira, ndipo anamwino a kunyumba ya okalamba anazika chimodzi moyang'anana ndi zenera la a Loyce.

Koma Texas si dera loti munthu n'kulizungulira n'kukagona kwawo. Anasiyira a Truett ntchito yokaona a Loyce, iwo n'kulowa mumsewu. Poyamba ankabwera Lamlungu lililonse. Kenako anayamba kudumphitsa, chifukwa kulikonse kumene afika amapeza anthu olira ndi sitima. Wina mkazi wake anachirira m'galimoto pamzere, wina anachedwa ku ukwati wake womwe, kwina mtembo unadikira mpaka oimba nyimbo zinawathera. Anthu amenewa ankawagwira dzanja osafuna kusiya. A Delmer, amene kale ankalephera ngakhale kupempherera chakudya pagulu, anasanduka mlaliki wa panjanji.

Ku Midland, kwa eni zitsime za mafuta, kunakonzedwa mtsutso wa onse opikisana. Holo inadzaza ndi nsapato zodula. Wofunsa anafunsa za zitsime zakale zimene zikuchucha madzi a mchere m'minda ya anthu. Mayi Stroud, loya wa zamafuta, anayankha motalika ndi mwanzeru. Enawo anayankhanso. A Delmer anamvetsera n'kudabwa kuti anthu akulu ngati amenewa akuzemba nkhani poyera chonchi. Itafika nthawi yawo anaimirira, navula chipewa.

"Ine za zitsime sindikuzidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti pali chinthu chachitali, cholemera, chimene chaima pakati pa munthu ndi kumene akupita. Ukafunsa mwini wake, palibe. Ukaliza hutala, sichimva. Ndidzachisuntha."

Holo inaphulika ndi m'manja. Eni mafuta anamva kuti akunena boma la ku Washington. Alimi anamva kuti akunena eni mafuta. Mtolankhani wina analemba kuti mdala wa ku Ozella amayankhula m'mafanizo ndipo ndi woopsa.

Mayi Stroud okha ndi amene anali atawayang'ana bwino kumaso. Anawatsatira koimika magalimoto, nawapeza akumanga zikwangwani ndi chingwe.

"Bambo Janak, pepani, ndifunse. Mumanena sitima yeniyeni, eti?"

"Kulinso ina?"

Mayiyo anawafotokozera pang'onopang'ono, ngati wouza munthu za maliro. Komishonala wa Njanji sayang'anira njanji. Amayang'anira mafuta, gasi ndi mapaipi. Kale ankayang'aniradi sitima, koma ntchitoyo inapita kwina, n'kutsala dzina lokha. A Delmer anafunsa chifukwa chimene dzinalo silinasinthidwe. Mayi Stroud anati ena anayesa koma sizinatheke, ndipo anaulula kuti amayi awo enieni amawafunsabe za matikiti a sitima otsika mtengo.

Apa munthu wina aliyense akanaliza galimoto n'kukagona kwawo. Ozella sinali kutali kwenikweni, akanafika n'kudzuka m'mawa pafupi ndi akazi awo. Zimenezi zimandipsetsa mtima mpaka lero, chifukwa ndinkawakonda onse awiri. Koma a Delmer anakhala mu pikapu n'kuyamba kuganiza, ndipo a Delmer akaganiza zinthu zimaipiraipira. Anaimbira alamu awo n'kuwauza zonse. A Truett anati abwere basi, a Loyce ayamba kusokoneza mayina ngakhale m'mawa.

"Taimani alamu. Ngati ine sindimadziwa, inu simumadziwa, amayi ake a loya sadziwa, mukuganiza kuti eni sitimawo akudziwa? Ndikadzaimba foni n'kunena kuti muno ndi Komishonala wa Njanji, adzandiikira nyimbo?"

A Delmer anadziyankha okha n'kudula foni. Anapitiriza kampeni mpaka chisankho chachipulula cha mu Malichi. Anafika kugombe, anafika kumalire a Mexico, anadya nyama yowotcha ya m'matchalitchi osawerengeka mpaka suti ya maliro inayamba kuthina. Sananamize munthu. Aliyense wofunsa ankamuuza zoona, kuti mpandowo si wa sitima koma iwo adzayesa. Anthu ankaseka n'kuti mdalayu ndi wodzichepetsa.

Mwa anthu anayi opikisana anakhala wachitatu. M'matauni ang'onoang'ono odulidwa pakati ndi njanji anapambana mochititsa mantha, moti akatswiri a pa wailesi anatha mlungu akufotokoza za mkwiyo wa anthu akumidzi pa mitengo ya gasi. Mayi Stroud anawaimbira kuwathokoza chifukwa cha mpikisano waulemu. A Delmer anati zikomo, nagona tulo tofa nato.

Kutacha anasita malaya, anagula kolache wotentha, nalunjika kutsidya. Msewu unali woyera, sitima kunalibe. Anafika nthawi yabwino, dzuwa lisanakwere, nthawi imene a Loyce amakhala a Loyce. Anawapeza atakhala pazenera, tsitsi lopesa bwino, akuyang'ana kunja. Atamva mapazi anatembenuka, ndipo nkhope yawo inawala. A Delmer mtima unadzaza ndi chimwemwe.

"Ndakudziwani," anatero a Loyce. "Ndinu bambo a pachikwangwani aja. Khalani pansi bwana, mwatilemekeza."

A Delmer anakhala. Anayesa kutchula dzina lawo, kutchula agalu, kutchula tchalitchi chimene anakwatirana. A Loyce ankangogwedeza mutu mwaulemu, monga timachitira ndi andale akamayankhula. Kenako anawagwira dzanja n'kutsitsa mawu, kuopa kuti anamwino angamve.

"Bwana, ndili ndi pempho limodzi. Amuna anga sabweranso kuno. Si munthu woipa ayi, ndi sitima ija imawatsekereza. Mukakhala pampando, muwathandize awoloke. Ndawasowa."

A Delmer anayang'ana dzanja limene linagwira lawo. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo sanatsutse.

"Ndamva, mayi," anatero. "Ndikawauza."