Chibwano cha Kabawi

Ndikukumbukira kanyumba ka vidiyo ka pa Lizulu, kuseri kwa mashedi a mbatatesi. Pakhomo pake pankalendewera chiguduli, ndipo mkati munkamveka fungo la utsi wa jenereta, thukuta ndi mafuta a chipisi. Loweruka tikamaliza kuthandiza amayi kuyala kabichi m'mbali mwa msewu, ine ndi msuweni wanga Yohane tinkathamangira kumeneko kukalanda benchi ya kutsogolo.

Chaka china kunabwera tepi ya munthu wouluka. Ankavala chigoba chophimba nkhope yonse kupatula pakamwa ndi chibwano. Chingerezi chake sitinkachimva, choncho dzina tinamupatsa tokha. Tinkamutcha Kabawi, chifukwa ankatsika kumwamba n'kunyamula munthu ngati mwanapiye. Ine chinkandisowetsa mtendere n'chakuti amauluka bwanji. Yohane ankati ali ndi injini kumsana. Mnyamata wokazinga chipisi ankati ndi ufiti womwewu, kungoti azungu amaulukira masana ndipo safuna lichero. Tsiku lina ndinayandikira kwambiri galasi la kanema kuti ndione ngati pali chingwe, mpaka anthu a kumbuyo anandigenda ndi chitsononkho.

Kabawi woyambayo anali bambo wa chibwano chachikulu chogawanika pakati, wosaseka, woyenda ngati watopa. Patapita miyezi kunabwera tepi yachiwiri. Chigoba chinali chomwecho, zovala zomwezo, koma atangotsegula pakamwa ndinadziwa kuti si iye. Chibwano chinali chosongoka, mano oyera, ndipo ankamwetulira ngakhale pomenya adani. Mwini vidiyo anatifotokozera kuti azungu amatero, sitelingi, wosewera wamkulu wa m'filimu, akakalamba kapena akavuta amangoikapo wina. Zimenezi zinandidabwitsa kuposa kuulukako. Munthu angalowe bwanji m'malo mwa mnzake, dzina lomwelo, mkazi yemweyo, anthu a m'filimumo osazindikira?

Msika wonse wa ana unagawikana. Ine ndinali wa Chibwano. Yohane anali wa watsopanoyo, ankati ndi wachangu, amadumpha bwino, ndipo wakaleyo anali nkhalamba yoyenera kukalima fodya. Tinakangana m'munda, tinakangana kuchitsime, mpaka tinakanganira m'tchalitchi monong'ona. Mapeto ake ndinamuuza kuti amakonda zinthu zonyezimira ngati khwangwala, iye n'kunena kuti chibwano changanso chikufanana ndi khasu. Kuyambira pamenepo aliyense ankapita kusukulu payekha, ngakhale nyumba zathu zinali zoyang'anizana.

Amene anatopa nazo anali malume athu, a Ngozo. Anagwira ntchito zaka zambiri ku migodi ya ku Joni, ndipo anabwerako ndi chijasi cholemera, chifuwa chosatha ndi mwendo wokoka. Sankayankhula kwambiri. Atamva chomwe chinatidanitsa, anati Loweruka tipite nawo akaone okha anthu awiriwo. Anati kumigodi ankaonera bayisikopo pa nsalu yoyera, ndiye nkhani za masitelingi si zachilendo kwa iwo.

Kunali chifunga tsiku limenelo. Malume anakhala pakati pathu, chipewa chili pa bondo, ndipo ana onse anakhala chete ngati kwabwera ahedi. Mwini vidiyo anayamba ndi tepi yatsopano. Malume anaseka kangapo, makamaka Kabawi ataboola denga la nyumba pomwe khomo linali lotsegula. Pamene ananyamula basi yodzaza anthu ndi dzanja limodzi uku akumwetulira, Yohane anandiyang'ana monyadira.

Kenako mwini vidiyo anaika yakale ija. Chakumapeto kwake nyumba yosanja inagwa, anthu n'kutsekeredwa pansi. Kabawi analowetsa mapewa pansi pa chikhoma, nayamba kudzuka pang'onopang'ono, miyendo ikunjenjemera, mano atawaluma, misempha ya m'khosi itatuluka. Ndinamva malume akupuma movutika. Nditawayang'ana, dzanja lawo linali litafinya chipewa chija mpaka kupindika. Filimu isanathe anadzuka n'kutuluka.

Tinawapeza atakhala pa thumba la mbatatesi, akuyang'ana tsidya la msewu, ku Mozambiki. Tinanyamuka kubwerera kumudzi, ife tikuchepetsa liwiro chifukwa cha mwendo wawo. Tili pa mtunda, Yohane analimba mtima.

“Malume, ndiye wabwino ndi uti?”

“Wamng'onoyo amasangalatsa,” anatero. “Koma sananyamulepo kanthu. Munthu wonyamula mwala samwetulira. Wamkuluyo kaya anaziona kuti, koma nkhope imakhala choncho.”

Anakhosomola, kenako anatiuza mwachidule kuti tsiku lina pansi pa mgodi denga linagwera mnzawo wa ku Biriwiri amene ankagona naye chipinda chimodzi. Amuna onse amene analipo analowetsa mapewa pansi pa mwalawo. Unasuntha pang'ono, n'kubwerera, ndipo mwendo wa malume unaphwanyikira pomwepo. Mnzawoyo ankayankhulabe kwa kanthawi. Anadzamutulutsa atamwalira kale.

Ndinali nditapambana mkangano, koma kunyada kunandikanika. Lolemba m'mawa ndinapeza Yohane akundidikira panjira, chimanga chowotcha chili m'manja. Anachithyola pakati, ndipo tinayenda tikukambirana ngati mwala wa m'filimu umakhala weniweni kapena wa makatoni.

Lero kanyumba kaja kanasanduka sitolo ya feteleza. Ana anga amaonera anthu oulukawa pa foni, ena omasuliridwa kale m'Chichewa, ndipo amakangana monga tinkachitira ife, kuti amene wavala chigoba chaka chino sakufika pa wa chaka chatha. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo akafuna kudziwa kanthu amangodina. Amadziwa mayina a masitelingi onse, zaka zawo, ngakhale mmene amaulutsidwira ndi makompyuta. Ife funso limodzi tinkayenda nalo dzinja lonse, tikulitembenuza uku ndi uku. Sindinena kuti zathu zinali zabwino kuposa zawo. Kungoti malume anamwalira ndisanawafunse dzina la mnzawo wa ku Biriwiri uja, ndipo limenelo ndadina paliponse, palibe foni imene ikulidziwa.