Amayi Omwewo, Zitenje Ziwiri

Anagogoda Lolemba m'mawa, m'mwezi wa Meyi 1999, ndikukonzekera kupita kukaphunzitsa. Anali amuna awiri osavala yunifomu. Wamkuluyo anati, "Aphunzitsi, tiyeni mukatifotokozere za kanema uja." Sanandilole kuvala nsapato.

Wailesi yakanema inali itangoyamba kumene m'dziko muno. Kwathu, pafupi ndi minda ya boma ya mpunga ya Likangala, tinkaonera m'golosale ina, pa kanema woyendera batire ya galimoto. Lachiwiri lapitalo, wothirira ndemanga pa ndale anaonetsa amayi akuvina pamsonkhano wa chipani chotsutsa, nati awa ndi mbuli zogulidwa ndi nsalu. Lachisanu anaonetsa amayi akuvina pamsonkhano wa chipani cholamula, nati awa ndiwo ozindikira, chikondi chawo sichigulidwa. Anali amayi omwewo. Kwathu mayi sakana chitenje: amasunga zitenje za zipani zonse ziwiri, navala chogwirizana ndi galimoto imene yabwera. Woyambitsa nyimbo masiku onse awiriwo anali apongozi anga.

Ndinaseka, ndipo ndinanena mokweza kuti amayi athuwa achenjera m'masiku atatu okha. Mlandu wanga unali umenewo.

Ananditsekera masiku asanu ndi anayi m'chipinda chopanda zenera. Za wothirira ndemanga sanafunse n'komwe. Ankafuna mayina. "Mwati ndi omwewo. Ndani? Wovinira adani sangalime m'minda ya boma." Mpunga unali utacha, ndipo apongozi anga ankalera ana amasiye anayi ndi kamunda kamodzi ka m'minda yomweyo.

Lachitatu anandivula malaya. Za masana amenewo ndingonena kuti khutu langa lakumanzere silimvanso bwino. Koma sindinkaopa ndodo monga mmene ndinkaopera lilime langa, pakuti chitseko chikangolira, dzina la apongozi linkafika lokha pakamwa. Atandibwezera malaya, ndinkaluma kolala yake kuti ndingalitchule ndili m'tulo.

Tsiku lachisanu ndi chitatu, mlonda wina wa ku Songani anandipatsa madzi nanong'ona, "Achimwene, sukulu yonseyi yakuthandizani chiyani? Ingonenani kuti batire inafooka. Akazi anga nawonso ali nazo zitenje ziwiri."

Ndinasaina kuti chithunzi chinali chosaoneka bwino, ndipo nkhope sindinazizindikire. Ku yunivesite anatiphunzitsa kuti umboni wa maso sukanidwa. Ine ndinaukana ndi dzanja langa, akuluakuluwo nakhutira.

Ndinafika kumudzi Lachitatu masana, wapansi. Apongozi anali atayanika mpunga pabwalo, pa zitenje zonse ziwiri, nkhope za atsogoleri zitayang'ana pansi. Mwa mwambo wathu sakanandiyang'ana m'maso. Anatembenukira kumbali nauza mkazi wanga, "Awuze bambowo kuti mpungawu ndi wawo. Ndipo akamaonera zinthu zawozo, azisekera m'mimba."

Amati tinali pa ufulu, ndipo sinditsutsa. Kanema ndimaonerabe. Koma mpaka lero, ndisanaseke, ndimayamba ndaona amene wakhala kumbuyo kwanga.