Nyimbo Yanga Inafika ku Boda Ine Ndisanafike

Ndinanyamuka mu Lilongwe Lachinayi m'mawa ndi chikwama chimodzi, nsapato zanga za pasiteji zili m'jumbo. Kampani yojambula nyimbo imene inanditenga chaka chatha inali itanditaya. Mlandu wanga unali nyimbo imodzi yokha, "Alamu Sunthani", imene imatha mphindi zisanu ndi zinayi. Bwana wa kampaniyo anandiuza kuti ndiidule chifukwa a wailesi safuna nyimbo yotalika ngati ulaliki wa pamaliro. Ine ndi makani angawa ndinakana. Nyimbo inatuluka, a wailesi sanaiyang'ane n'komwe, pa intaneti anaimvera ndi anzanga akukwaya basi, ndipo bwanayo anandiuza mwaulemu kuti ndikayese kwina. Choncho ndinkapita ku boda ya Mchinji, kwa azakhali anga a Nabanda, kukaphunzira geni ya zitenje za ku Chipata. Zoimba ndinali nditazitsanzika, ndipo mtima unkandiwawa kwambiri.

M'depoti kondakitala wa minibasi anati K8,000. Ndinadandaula kuti ntchito yandithera.

"Pepani sisi, koma mafuta sitigulira chisoni," anatero, n'kundikhazika pampando wa pakhomo, paja pamene munthu umatsika aliyense akamatsika.

Pofika pa Namitete ndinali nditatsika ndi kukwera kosawerengeka. Ndinagula chipisi cha K1,500, kabichi wambiri kuposa mbatata, n'kumadya ndikuyang'ana minda ya fodya. Pa Kamwendo, tikutsitsa matumba a mtedza, ndinamva ng'oma yodziwika ikuchokera pa kashopu koberna nyimbo. Ndisanatchere khutu bwino, minibasi inanyamuka. Ndinangoti ndi maganizo, munthu ukataya mbuzi kulira kulikonse umayesa ndi yako.

Pa boma tinafika dzuwa lili paliwombo. Galimoto za ku boda zimakhala ma Sienta, K2,000 munthu mmodzi. Anatipanikiza anthu asanu ndi anayi, ine kutsogolo pamodzi ndi mayi wina wonenepa wa dengu la tomato. Dalaivala, amene anzake ankamutchula kuti a Zulu, analowetsa kakadi mu wailesi. Ng'oma ija inayambanso, kenaka mawu anga enieni. Mayi wa tomato anayamba kugwedeza mapewa, ine nthiti zili pa chitseko.

"Waimba ndani imeneyi?" ndinafunsa.

"Mtsikana wa ku Chipata," anatero a Zulu. "Kuno kwathu alipo angaimbe chonchi?"

Anafotokoza kuti Loweruka amaika nyimbo m'maukwati, ndipo iyi anaitenga kwa oberna pa Kamwendo, yopanda dzina la woimba.

"Pa perekaniperekani nyimbo zinazi zimatha anthu asanapise bwino m'thumba. Koma iyi, mayi! Munthu amavina, kuponya ndalama, kukasinthitsa ina, kubwereranso, nyimbo ikadalipo. Eni ukwati amachita kundiuza kuti ngati mulibe 'Alamu Sunthani' musabwere."

Ndinafuna kuseka, ndinafunanso kulira. Chimene anandichotsera ntchito mu Lilongwe n'chimene chinkadzaza malichero ku Mchinji.

"Ndinaimba ndine," ndinatero.

Galimoto yonse inafa nacho chiseko.

"Nanenso msewu uno ndinamanga ndine," anatero mayi wa tomato.

A Zulu sanaseke kwambiri. Anazimitsa wailesi pakati pa ndime, n'kunena kuti, "Chabwino, pitirizani."

Ndinali nditalumbira kuti sindidzaimbanso, koma mwano wa mayi uja unandiyabwa. Ndinatsokomola kamodzi n'kuinyamula pomwe inalekera. Kumbuyo bambo wina anayamba kuomba m'manja. Titayamba kudutsa mzere wa mathiraki oyembekeza kuwoloka, ndinali ndikadali ndi ndime ziwiri, ndipo a Zulu anachepetsa liwiro mpaka akabaza kumatipitirira, kuti nyimbo ithe bwino. Mayi uja anandipatsa tomato anayi.

"Loweruka kuli ukwati kwa Mlonyeni," anatero a Zulu tikutsika. "Mubwere mudzaimbe nokha pamaso pa anthu. Koma musaidule."

Azakhali ndinawapeza pakhonde la shopu yawo, pafupi ndi anyamata osintha ndalama, atazunguliridwa ndi zitenje. Tinalonjerana, ndipo anandiuza kuti Loweruka m'mamawa tiwoloka kukapikula katundu.

"Loweruka sindipezeka, azakhali. Ndikukaimba ku ukwati."

"Iwe, si zoimbazo zakubweza kuno ndi jumbo?"

Ndinawauza dzina la nyimbo. Azakhali, amene chiyambire sanafunepo kumva zoimba zanga, anaika chitenje pansi n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndi yako imene ija? Mwana woipa iwe! Pa ukwati wa mwana wa a Phiri ndinavina mpaka ndinaponya ndi ya thiransipoti yomwe. Ndinabwerera wapansi!"

Anaseka mpaka misozi, kenaka anakoka chitenje chofiira chapansi penipeni, chodula kuposa zonse, n'kufuula kwa telala wa khonde loyandikana kuti abwere ndi tepi andiyeze.

Ndili chiimire, manja m'mwamba, telala akundizunguliza tepi m'chiuno, ndinazindikira kuti chaka chonse ndinkagogoda pakhomo pa anthu osandifuna, pamene kuno anthu ankavina nyimbo yanga mpaka kubwerera wapansi, osadziwa n'komwe kuti woimbayo ndi mwana wawo.